Bowa woyera womera pa ndowe za ng'ombe: mafunso ndi mayankho

Ndili ndi kadimba ka repu ndi tomato cha ku Ngwerere, ndipo manyowa ndimagula kwa anthu a makola ku Chongwe. Chaka ndi chaka mvula ikangokhazikika m'mwezi wa Disembala, pa mulu wa ndowe kuseri kwa nyumba pamatumphuka bowa woyera wa miyendo italiitali, wonyezimira ngati dzira lophika losenda. Ofunsa za bowayu sachepa: anansi, ana a sukulu, ndi amayi obwera kudzaoda masamba m'mamawa. Mafunso awo ndi omwewomwewo, ndiye ndawaika pamodzi pano.

Kodi bowa ameneyu dzina lake ndani?

Kwathu ku Katete ndinakula osamva dzina lake. Kwa ambuya anga, bowa anali uja wolowa mumphika basi. Zina zonse zomera ngati bowa koma zosadyedwa ankangoziti chirombo, ndipo chirombo sachitcha dzina. Ukawaonetsa uyu wa pa ndowe, ankamukankha ndi mpini wa khasu n'kupitiriza kupalira.

Akatswiri a sayansi ali nalo dzina. Bowa woyera, wamkulu bwino, amene kawirikawiri timamuona pa ndowe za ng'ombe kapena za akavalo m'maiko otentha amamutcha Panaeolus antillarum. Woyamba kumulemba m'mabuku anali Elias Fries wa ku Sweden mu 1828, kuchokera ku zisumbu za Antilles ku Caribbean, ndipo n'komwe kunachokera theka lachiwiri la dzinalo. Mu 1961 katswiri wa ku Kew ku England, R.W.G. Dennis, anamuika m'banja la Panaeolus. Liwu limeneli ndi la Chigiriki, ndipo likunena za chinthu cha mawangamawanga. Musaliiwale tanthauzoli, chifukwa chizindikiro chake chachikulu chagona pomwepo.

Ndati "kawirikawiri" dala. Pa ndowe pamamera mitundu yambiri, ndipo kuyera pakokha si dzina.

Ndingamuzindikire bwanji?

Musamuthyole pamwamba. Tengani kamtengo, mumufukule ndi tsinde lonse mpaka pomwe lagwira ndowe, kenaka muyang'ane mbali zinayi izi osathamanga.

Chipewa chake n'choyera, nthawi zina chotuwira kapena chachikasu pang'ono pakati, chosalala, chopanda mamba. Akangotuluka chimakhala ngati theka la dzira, akakula chimafanana ndi belu. Sichitambasuka n'kukhala ambulera ya fulati ngati mmene amachitira bowa wa pachulu. Mulifupi mwake nthawi zambiri ndi masentimita 3 mpaka 6, ngakhale ena amaposa pamenepo ndowe zikakhala zonona. Mame akagwa chimaterera pang'ono, koma dzuwa la masana likachiwomba chimauma, n'kung'aluka timing'alu ngati dothi la padambo mu Okutobala.

Mutembenuzeni tsopano. Kunsi kwa chipewa kuli timasamba topyapyala tondondozana kuchokera patsinde. Mwa bowa wamng'ono timakhala totuwa, kenaka timachita mawanga akuda ndi otuwa ngati nthenga za nkhanga, pomaliza timada tonse. Mawangawa amabwera chifukwa mbewu zake sizikhwimira pamodzi: chigawo china chada kale pamene china chikadali chosakhwima. M'mphepete mwenimweni mwa timasambato mumatsala kamzere koyererako.

Tsinde ndi loyera, lowongoka, lonenepa ngati pensulo, ndipo limatha kutalika kufika masentimita 20. Lithyoleni. Mkati mwake ndi mogwirira, mulibe mphako ngati bango. Lilibe mphete kapena kasiketi kolenjekeka, ndipo pansi pake palibe kathumba.

Pomaliza, fikisani chipewa ndi tsinde ndi chala, mudikire mphindi zingapo. Uyu sasintha mtundu. Mukaona akuchita buluu, muli ndi bowa wina, ndipo nkhani yake ndaiyankha m'munsimu.

Anthu amanena za kugoneka bowa papepala. Zimatani?

Iyi ndiyo njira imene ndimaikhulupirira kuposa maso anga, ndipo siifuna ndalama. Dulani tsinde pafupi ndi chipewa. Vundikirani chipewacho papepala loyera, timasamba tiyang'ane pansi. Phimbani ndi kapu kapena mbale kuti mphepo isalowe, n'kusiya usiku wonse. M'mawa nyamulani pang'onopang'ono. Papepala mupeza chithunzi cha fumbi chonga masipoko a njinga. Fumbilo ndi mbewu za bowa, zazing'ono kwambiri moti imodzi yokha simungaione popanda makina.

La Panaeolus antillarum ndi lakuda bii, ngati mwaye wa pa mphika. Tente, bowa wodyedwa uja wa m'nkhalango, amasiya loyera, n'chifukwa chake ndi bwino kuika theka la chipewa papepala loyera, theka pa lakuda. Bowa wa pachulu amasiya lotuwira mofiirira pang'ono. Fumbi lobiriwira ndi uthenga woipa.

Mwana wa mlongo wanga atayesa koyamba ankavundukula kapu mphindi khumi zilizonse, n'kumati amalume, palibe chikutuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinaika china usiku womwewo, iye ali m'tulo, ndipo m'mawa anapita nalo pepalalo ku sukulu.

Chipewa chouma kale kapena chaching'ono kwambiri sichigwetsa kanthu. Sankhani chokhwima koma chikadali chanthete.

N'chifukwa chiyani amamera pa ndowe, osati pena paliponse?

Chifukwa ndowe ndiyo nsima yake. Ng'ombe imabzikula, koma siigaya udzu wonse. Zotsalira zimatuluka zili zofewa kale, zonyowa, zofunda, ndipo bowa wa mtundu uwu amazidya.

Chimene chimandisangalatsa ndi mmene mbewu imafikira pamenepo. Fumbi lakuda lija limauluka ndi mphepo n'kutera pa udzu. Ng'ombe imadya udzuwo pamodzi ndi fumbi. Mbewu za bowa wambiri wa pa ndowe zili ndi khungu lolimba, zimadutsa m'mimba monse osafa, n'kutuluka zitakutidwa kale ndi chakudya chake. Choncho pamene ngolo ikutsitsa manyowa pa dimba langa, bowa amakhala atakwera kale ku Chongwe komweko.

Mukafukula mulu wa ndowe wonyowa mupeza tiulusi toyera tonga ukonde wa kangaude titayanga mkati. Thupi lenileni la bowa ndi limenelo. Chomwe timachiona pamwamba chili ngati chipatso chabe, chotuluka kudzamwaza mbewu chinyezi chikakwana. Ku Lusaka kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, ndiye nyengo yake ndi yomweyo, koma pa dimba lothirira mukhoza kumuona ngakhale mu Ogasiti.

Pa ndowe amamera mosinthana ngati odikira pa chigayo. Masiku oyambirira pamatuluka kankhungu kakang'ono kotchedwa Pilobolus, konga timadontho ta mame tokhala ndi kadontho kakuda pamutu. Kameneka kamaponya kathumba ka mbewu zake kulunjika kowala, mtunda wofika mamita awiri, kuti zikagwere pa udzu woyera, pakuti ng'ombe siidya pafupi ndi ndowe zake. Bowa wa zipewa amabwera pambuyo, pakapita masabata. Mwa iwo mulinso tina totuwa topyapyala timene timatuluka usiku, pofika masana tasungunuka kukhala madzi akuda ngati inki. Timeneto ndi ta banja lina.

Nanga amadyedwa?

Ine sindidya, ndipo pakhomo panga salowa mumphika.

Mabuku a bowa samuika Panaeolus antillarum m'gulu la akupha, ena amalembanso kuti akhoza kudyedwa. Koma taganizani zomwe mukugula ndi zomwe mukulipira. Mnofu wake ndi wochepa, palibe amene amamutama kukoma, wamera pa ndowe zosawola zomwe zimakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba, ndipo pa mulu womwewo pakhoza kumera abale ake ofanana naye amene amazunguza mutu. Kulakwitsa kamodzi n'kokwanira. Zonsezi m'mwezi umene ku Soweto Market mabeseni a tente ali mbwee, ndipo m'mbali mwa Great North Road cha ku Kapiri Mposhi ana akukuimitsani ndi mbale za bowa wodziwika.

Kudziwa dzina la bowa ameneyu kumathandiza kuti mtima ukhale pansi mukamuona pa dimba, osati kuti mukazinge anyezi.

Mnzanga akuti ndi tente wamng'ono. N'zoona?

Ayi. Tente, amene ife a kummawa timati ndelema, sangamere pa ndowe. Amakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengo ya m'nkhalango za miombo, ndipo popanda mitengoyo iye kulibe. N'chifukwa chake palibe amene amamulima, ndipo kumene makala atha mitengo, nayenso watha. Amatuluka m'nthaka ngati dzira, dziralo n'kung'ambika, n'kutsala ngati kathumba pansi pa tsinde. Ali ndi kasiketi patsinde, timasamba take n'toyera mpaka kukalamba. Akatswiri awiri, Pegler ndi Piearce, anamulemba mu 1980 ndi dzina la dziko lathu, Amanita zambiana.

Bowa wa pachulu nayenso ali ndi kwawo. Amalimidwa ndi chiswe pansi pa nthaka, ndipo ambiri a iwo mukawakumba mupeza muzu wautali wonga mchira wa khoswe ukulowa kunsi kumene kuli chisa. Pakati pa chipewa pali kansonga kolimba kamene amaboolera dothi. M'banja limeneli ndimo muli chimphona chija cha kumpoto, Termitomyces titanicus, chimene chipewa chake chimafika mita imodzi mulifupi, bowa mmodzi kudyetsa banja lonse.

Ndiye funso loyamba pa bowa aliyense likhale lakuti wamera pa chiyani. Pa chulu, pansi pa msuku, pa chitsa chowola, pa kapinga, pa ndowe: malo amakuuzani zambiri musanamugwire n'komwe.

Ndi bowa uti woopsa amene angasokonezedwe ndi ameneyu?

Amene ndimamuopa kwambiri m'tauni muno si wa pa ndowe zenizeni, koma wa pa kapinga ndi m'minda yothiridwa manyowa. Dzina lake ndi Chlorophyllum molybdites. Ndi wamkulu, wokongola, wooneka ngati ndiwo zenizeni, chipewa chake chimatambasuka ngati mbale ya nsima, choyera chokhala ndi mamba ofiirira pakati. Patsinde ali ndi mphete yochindikala. Amakonda kumera mozungulira ngati anthu ali pa bwalo la gule, pa mabwalo a mpira ndi m'mayadi otchetchedwa bwino. Munthu wodutsa m'mawa amangoti bowa bwanga, n'kudzaza pulasitiki.

Akadali wamng'ono timasamba take n'toyera, ndipo apa ndi pomwe amanamiza anthu. Akakhwima timasanduka tobiriwira motuwa, ndipo fumbi lake papepala ndi lobiriwira. Womudya amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri pakangopita ola limodzi mpaka atatu, nthawi zina ndi magazi omwe. Wamkulu wathanzi kawirikawiri amachira, koma mwana kapena nkhalamba madzi amatha msanga m'thupi.

Kusiyana kwake ndi wathu wa pa ndowe n'koonekeratu mukadziwa poyang'ana: mamba, mphete, kukula, ndi fumbi lobiriwira m'malo mwa lakuda.

Ndamva kuti pa ndowe pamamera bowa woledzeretsa. Ndi ameneyu?

Si ameneyu, koma nkhaniyo si yabodza. M'maiko otentha muli mitundu ina ya pa ndowe yokhala ndi mankhwala otchedwa psilocybin, amene amasokoneza ubongo: munthu amaona zinthu zomwe palibe, mtima umathamanga, ena amagwidwa ndi mantha aakulu n'kuthawira pamsewu kapena m'madzi. Yambiri mwa mitunduyi imachita buluu ikafikisidwa, n'chifukwa chake ndinati muyese ndi chala. Mukaona zimenezo, fotserani bowayo pansi, ana ndi agalu asamupeze.

Achinyamata ena amandifunsa funsoli akumwetulira. Ndimawauza kuti psilocybin ali pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa pangano la United Nations la 1971, ndipo kuno nkhani zotere zimathera m'manja mwa a Drug Enforcement Commission. Ndimawauzanso kuti wofunafuna bowa wotere m'makola ndi amene amatola chirombo china chilichonse chofiirira n'kumeza chosaphika.

Akuluakulu amati bowa wodyedwa ndi tizilombo kapena anyani ndi wabwino. Tiwakhulupirire?

Akuluakulu amadziwa bowa, izo sindikana. Mayi wa kumudzi amene wakhala akuzula bowa m'nkhalango imodzi zaka makumi anayi amadziwa mtundu uliwonse ndi dzina, fungo ndi mtengo womwe umamera pansi pake, ndipo pa bowa wa kwawoko ndingamukhulupirire kuposa buku. Nzeru yake ndi yodziwa mtundu umodziumodzi.

Zomwe sindikhulupirira ndi timalamulo tachidule timene timayenda pakamwa. Nkhono ndi mphutsi zimadya bowa wopha munthu osamva kanthu, matupi athu ndi osiyana. Zoti supuni imada kapena anyezi amasintha mtundu mumphika wa bowa woipa zilibe umboni. Zoti mukawiritsa n'kutaya madzi oyamba ululu watha n'zoona pa mitundu ina yokha. Bowa wakupha kwambiri padziko, Amanita phalloides, amene anafika ku South Africa pamodzi ndi mitengo yochokera ku Ulaya, ululu wake suchoka ndi moto, kuyanika, ngakhale mchere. Ndipo kulawa pang'ono si muyeso, chifukwa odya bowa wakupha ambiri amati anali wokoma.

Vuto la ku Lusaka ndi lakuti tinasamuka ndi chilakolako cha bowa, nzeru yake n'kuisiya kumudzi. Munthu wa ku Petauke akuzula bowa pa kapinga wa ku Makeni chifukwa akufanana ndi wina amene ankamuona ali mwana. Safunsa anadya phula.

Mwana wanga wadya bowa wa pa manyowa. Nditani?

Mutulutseni zotsala mkamwa, mumutsukuluze, n'kunyamuka kupita ku kiliniki kapena chipatala chapafupi nthawi yomweyo, ngakhale akusewera bwinobwino. Tengani bowa wotsala, wathunthu ndi tsinde lake, mumukulunge m'pepala. M'pulasitiki amavunda msanga osazindikirikanso. Ngati anali wophika, nyamulani zotsala mumphika, ndipo onse amene anadya nawo apite, osati wodwala yekha. Kumbukirani nthawi imene anadya ndi nthawi imene zizindikiro zinayamba, adokotala adzafunsa zimenezo.

Musamukakamize kusanza pomulowetsa chala kapena kumumwetsa madzi a mchere wambiri. Mkaka si mankhwala a ululu wa bowa. Ngati akusanza kapena kutsegula m'mimba, mpatseni ORS, mankhwala aja obwezeretsa madzi m'thupi, pang'onopang'ono muli m'njira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna chikhale m'mutu mwa kholo lililonse. Bowa woyambitsa kusanza msanga kawirikawiri si amene amapha. Wakupha amakhala chete maola 6 mpaka 24, kenaka kusanza ndi kutsegula m'mimba kumayamba, pakapita tsiku munthu amaoneka ngati wachira, n'kumapempha phala. Nthawi yonseyo chiwindi chikuwonongeka, ndipo maso akamadzachita chikasu zinthu zafika kale patali. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Zipatala zazikulu ngati UTH ndi Levy Mwanawasa zimatha kuyeza magazi kuti zione mmene chiwindi chilili, ndiye mukauzidwa kuti mubwerenso kudzayezetsa, bwererani ngakhale mwanayo akuthamanga panja.

Nanga bowa woyera wa m'masitolo, si wa pa manyowa nayenso?

Inde, koma nkhani zake n'zosiyana. Bowa wa timabatani uja, Agaricus bisporus, amalimidwa pa kompositi ya mapesi osakaniza ndi manyowa a nkhuku kapena akavalo. Kompositiyo amaivunditsa masabata, kenaka amaitenthetsa kufika madigiri pafupifupi 60 kuti tizilombo ndi mbewu za bowa wakutchire zife, n'kubzalamo mbewu ya mtundu umodzi wodziwika. Winanso amene magulu a amayi amalima m'timatumba topachika, wa oyisitara, safuna ndowe n'komwe. Amamera pa zitsononkho, mapesi kapena makoko a thonje.

Kodi akuwononga mbewu zanga? Ndipopere mankhwala?

Musataye ndalama. Sakhudza repu kapena tomato, amadya ndowe basi, ndipo potero akukufewetserani manyowa. Koma akukuuzaninso kanthu: ngati akumera m'mabedi, ndiye kuti munathira manyowa osapsa. Manyowa otere amawotcha mizu ya mbande ndipo amabweretsa udzu. Ine ndinaphunzira ndi nazale yonse ya tomato imene inafota sabata imodzi, nditafulumira kuthira ndowe zomwe wogulitsa analumbira kuti zagonera chaka. Tsopano mulu ndimautembenuza ndi fosholo masabata awiri alionse mpaka ude, uzizire, ununkhire ngati dothi la m'nkhalango. Ukafika pamenepo bowa uja amasiya yekha kutuluka.

Ngati pakhomo pali ana okwawa, muzuleni m'mawa uliwonse n'kumukwirira mkati mwa mulu. Kumugwira ndi manja sikuvulaza. Sambani ndi sopo chifukwa cha ndowezo.

Ng'ombe ndi nkhuku zikadya?

Ng'ombe sizimulabadira. Nkhuku zimapalasa muluwo kufuna mphutsi, ndipo zanga sizinadwalepo nazo. Ana agalu ndiwo amatafuna chilichonse, ndiye galu akayamba kusanza kapena kudzandira atasewera pa manyowa, pitani naye kwa a vetenale.

Ndikajambula pa foni, pulogalamu ingandiuze dzina?

Ingakupatseni poyambira, koma musaike moyo wa banja pa yankho lake. Bowa wa kuno sanajambulidwe mokwanira ngati wa ku Ulaya ndi ku America, ndiye pulogalamu imakonda kutchula wa kutali wofanana naye. Ine inandiuzapo mayina atatu osiyana pa bowa mmodzi, kungosintha mbali yojambulira.

Chithunzi chimodzi cha pamwamba sichithandiza ngakhale katswiri. Jambulani bowa ali pomwe wamera, ndowe zikuoneka. Jambulani kunsi kwa chipewa pafupi, tsinde lonse mpaka pansi, tsinde lothyola pakati, ndi pepala la fumbi lija. Ikani kobiri ya K1 pambali kuti kukula kwake kudziwike, ndipo ngati alipo angapo, tengani wamng'ono, wapakati ndi wokalamba. Ofuna yankho la akatswiri angafunse kwa a sayansi ya zamoyo pa yunivesite ya UNZA, kapena kudzera kwa alangizi a zaulimi a m'dera lawo. Ngati ulendowo utenga masiku, muyanikeni pa nyuzipepala pamalo opita mphepo, mumusunge mu envulopu, n'kulembapo tsiku, malo, ndi mtundu wa chiweto chimene chinasiya ndowezo.